Kope la pakhomo: ndalama zomwe zapita pofuna kumva za mlatho

Kope ili ndi la masamba 80 ndipo ndinaligula K700. Kumayambiriro kwake ndimalembako za mchere, sopo, chigayo, mafuta ophikira ndi ndalama ya chitukuko cha pasukulu. Kulembaku ndinakuzolowera ku banki m'khonde ya m'mudzi mwathu, komwe ndine mlembi, poti kumeneko ndalama yosalembedwa imadanitsa anthu a mimba imodzi. Kumapeto kwa kopeli ndinatsegula masamba ena n'kulemba pamwamba kuti "Za mlatho". Zili m'munsizi ndazikopera pamasamba amenewo, ndipo ndawonjezera mawu pomwe nambala payokha singamveke.

Mlatho wathu unali wa matabwa okhomerera pa mitengo ikuluikulu ya bulugamu. Unapita ndi madzi mu Malichi 2023, masiku a namondwe wa Freddy. Tsidya linalo ndi komwe kuli sukulu, chigayo, sikelo ya ana ndi njira yopita ku msewu wa tala. Mwezi wotsatira komiti ya chitukuko ya m'mudzi, ya VDC ija, inalemba kalata. Kalatayo inapita ku komiti ya chitukuko ya dera, ya ADC, kwa a gogo chalo, ndipo anatiuza kuti ikachoka kumeneko nkhani imakafika kukhonsolo, komwe amasankha zoyamba ndi zotsatira. Chaka cha 2023 chinatha kuli zii. Pa ndalama zonse zalembedwa panozi palibe yogulira thabwa kapena msomali. Pafupifupi zonse zapita pofuna kudziwa ngati mlathowo unatchulidwa pamsonkhano wa khonsolo, anautchula ndani, ndipo anamuyankha kuti chiyani.

Januwale 2024. Ulendo wa bambo a kunyumba.

A khansala ananena pamaliro ena kuti msonkhano waukulu wa khonsolo uliko Lachinayi, ndipo munthu aliyense ali ndi ufulu wokakhala nawo n'kumamvetsera. Abambo anati apita okha akadzimvere.

Mayunitsi oimbira a khansala Lachiwiri, kutsimikiza za tsikulo: K500.
Anyamata owolotsa pamtsinje, K300 popita, K300 pobwera: K600.
Kabaza kukafika pa tala, makilomita 9, kupita ndi kubwera: K4,000.
Minibasi kukafika kuboma, makilomita 30, kupita ndi kubwera: K7,000.
Tiyi ndi mandasi awiri: K1,200.
Waganyu wobandira mizere yomwe abambo akanabandira tsikulo: K4,000.
Zonse pamodzi: K17,300.

Anafika 9 koloko isanakwane. Pachitseko cha holo panamatidwa pepala loti msonkhano wasunthidwa ndipo tsiku lina lidzalengezedwa. Pepalalo linamatidwa Lachitatu madzulo. A khansala omwe anamva usiku womwewo, ndipo foni ya abambo inali ku gulosale, ikutchajidwa.

Febuluwale.

Mayunitsi, katatu, kufunsa tsiku latsopano: K1,500.

Malichi. Ulendo wanga.

Abambo anati, "Amayi, ulendo uno pitani ndinu. Inu mumasunga mawu m'mutu kuposa ine, ndiponso mumalemba." Ndinakongola K20,000 ku banki m'khonde. Mitengo ya minibasi inali itakweranso. Chitsikire mphamvu ya kwacha mu Novembala 2023 kondakitala aliyense ankatchula mtengo wake.

Owolotsa: K600.
Kabaza: K4,000.
Minibasi: K8,000.
Chigumu ndi thobwa: K1,000.
Chimbudzi cholipira cha padepoti: K200.
Sopo wothokozera mtsikana wa aneba amene anatsala ndi mwana wamng'ono: K800.
Tomato wa beseni limodzi amene ndikanagulitsa pamsika wa tsikulo, theka linaola: K5,000.
Zonse pamodzi: K19,600.

Msonkhano unalipo. Anati uyamba 9 koloko, unayamba 11 itadutsa chifukwa ankadikira kuti mamembala akwane. Kutsogolo kunakhala a wapampando ndi a bwanamkubwa. M'mbali munali makhansala, aphungu a Nyumba ya Malamulo, mafumu akuluakulu omwe amayankhula koma savota, oyimira magulu osiyanasiyana, ndi mabwana a nthambi za zaumoyo, zaulimi, zamaphunziro ndi zomangamanga. Ife anthu wamba tinalipo asanu ndi awiri, pa mabenchi awiri akumbuyo. Palibe anatithamangitsa. Mlonda anandilozera pokhala mwaulemu, ndipo ndikufuna zimenezi zilembedwe.

Mamembala anali ndi mapepala okhuthala m'manja, ife tinalibe. Wina akaimirira ankati tiyeni pa tsamba lakutilakuti, onse n'kutsegula, n'kuyamba kukangana pa nambala zomwe ife sitikuziona. Pemphero linali m'Chichewa. Malipoti anali m'Chingerezi. Mkangano ukatentha ankabwerera ku Chichewa, ukazizira n'kupitanso ku Chingerezi. Ine ndinalekezera Fomu 2, ndimatola liwu apa ndi apo, koma magetsi atathima cha m'ma 1 koloko chinkuzamawu chinasiya, ndipo kumbuyo kunkangofika phokoso la mawu lopanda mawu ake.

Ndinamva lipoti la komiti ya zachuma, la zamaphunziro ndi theka la la zaumoyo. La zomangamanga linali lachisanu ndi chimodzi pamndandanda. Itakwana 3 koloko ndinanyamuka, chifukwa owolotsa amaweruka dzuwa likamalowa ndipo mtsinje uja sawoloka usiku. Mukope ndinalemba masamba atatu a zomwe ndinamva. Za mlatho mulibemo.

Epulo. Nkhani zitatu.

Sabata yotsatira m'mudzi munafika nkhani zitatu za msonkhano umodzi womwewo. A khansala anati anaulankhula mlathowo ndipo zili m'njira. Mnyamata amene amayenda ndi a phungu anati a khansala sanatsegule pakamwa, mlathowo adzamanga ndi a phungu ndi ndalama za CDF, zomwe tinamva pa wailesi kuti m'bajeti ya 2024/25 zakwera kuchoka pa K100 miliyoni kufika pa K200 miliyoni pa dera la phungu aliyense. Nduna ya a gulupu inati inamva kwa munthu amene analipo kuti nkhaniyo sinakambidwe n'komwe. Anthu ankabwera kudzandifunsa ine chifukwa ndinapita. Ndinkawayankha kuti ndinachoka nthawi yake isanakwane.

Abambo anakhulupirira a khansala. Alamu anga, mng'ono wawo, anakhulupirira mnyamata wa a phungu. Anayambana pa bawo, mawu anakula, abambo anatchula mawu osayenera kutchulidwa pagulu. Nkhani inapita kwa amfumu.

Nkhuku ya chindapusa, tambala wamkulu, pa mtengo wa pamsika: K7,000.
Chiwongoladzanja cha ngongole ya ku banki m'khonde: K4,000.
Zonse pamodzi: K11,000.

Abambo ndi alamu anatha miyezi isanu osapatsana moni. Pamenepa sindinalembepo ndalama.

Epulo mpaka Julayi. Kufuna maminitsi.

Aphunzitsi aakulu a pasukulu yathu anatiuza kuti zokambirana zonse zimalembedwa, ndipo pali lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza nkhani zomwe maofesi aboma akusunga. Lamuloli linasainidwa mu 2017 ndipo linayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020. Loyang'anira kuti likutsatidwa ndi bungwe la Malawi Human Rights Commission. Anati tingolemba kalata yopempha. Mwana wathu woyamba, wa Fomu 3, analemba.

Kutayipitsa ndi kusindikiza kalata pa tala: K1,000.
Ya fanta ya munthu amene ankapita kuboma pa zake n'kutitengera kalatayo: K1,000.
Mayunitsi otsatira nkhaniyo, katatu: K1,500.
Fotokope, masamba 14 pa K150: K2,100.
Wotibweretsera mapepalawo: K1,000.
Mazira asanu ndi limodzi othokozera aphunzitsi amene anatimasulira: K1,800.
Zonse pamodzi: K8,400.

Kuchedwaku kuli ndi chifukwa chake, ndipo anatifotokozera. Maminitsi a msonkhano sakhala ovomerezeka mpaka mamembala atawawerenga n'kuwatsimikiza pamsonkhano wotsatira. A Malichi anatsimikizidwa kumapeto kwa Juni, ife tinawalandira mu Julayi. Aphunzitsi anakhala nafe pakhonde Loweruka masana n'kumawerenga ndime ndi ndime. Pansi pa zomangamanga panali mizere iwiri. Inkati mamembala analandira lipoti la milatho yowonongeka ndi madzi osefukira ndipo anagwirizana kuti ikonzedwe ndalama zikapezeka. Dzina la mtsinje wathu panalibe. Dzina la amene anayankhula panalibe. Mlembi wa khonsolo sanalakwe, maminitsi amalemba chomwe chagwirizanidwa, salemba mmene anthu afikira pamenepo. Koma funso lomwe linadya nkhuku yathu linali la amene anayankhula ndi zomwe anayankhidwa.

Kuwonkhetsa kuyambira Januwale mpaka Julayi: K57,800.

Mu 2024 matumba awiri a feteleza wa AIP tinkagula K30,000, pa K15,000 lililonse. Ndalama ili pamwambayi yatsala pang'ono kukwana kawiri. Chinali chaka cha ng'amba, chomwe Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera analengeza mu Malichi kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya njala, ndipo m'nkhokwe mwathu chimanga chinatha mu Ogasiti.

Sepitembala. Kujambula mawu.

Mwana wa achemwali anga amakonza mafoni pa benchi pafupi ndi msika wa kuboma. Atabwera kudzaona agogo ake anamva nkhani yonse ndipo anati, "Mayi aang'ono, bwanji msonkhano ukubwerawu ndikangokujambulirani mawu pa foni? Mukamvera konkuno." Ndinamuuza kuti asakachite mobisa. Anapita kwa a khansala, a khansala anakapempha kwa a wapampando, a wapampando anavomera kuti poti msonkhanowo ndi wa poyera ajambule, koma akadzanena kuti alendo atuluke, foni nayonso ituluke. Anaika foniyo pa tebulo pafupi ndi sipika, atailumikiza ku batire lonyamula m'thumba.

Memore khadi yatsopano: K6,500.
Chipukutamisozi cha mnyamatayo potseka benchi tsiku lonse: K5,000.
Kondakitala wotengera memoreyo, itakulungidwa m'pepala la kope: K500.
Wakabaza woibweretsa kuchoka pa tala: K500.
Kutchaja kawailesi ka amfumu kolowetsa memore, kawiri: K600.
Mayunitsi: K500.
Owolotsa: palibe, mtsinje unali utaphwa.
Zonse pamodzi: K13,600.

Ndalamayi sinachoke m'nyumba imodzi. Amfumu anamema, nyumba 34 zinasonkha.

Gawo la nyumba yathu: K400.

Tinamvera Lamulungu masana pansi pa mtengo wa mango wa pabwalo. Mawuwo anali a maola atatu ndi mphindi 40. Ndinawerenga anthu 71, osawerengera ana. Aphunzitsi anakhala pafupi ndi wailesi, pakafika Chingerezi ankaimitsa n'kumasulira, wina akati sanamve ankabwezera m'mbuyo. M'holo muja palibe angaimitse a bwanamkubwa kuti abwereze. Pabwalo tinawabwereza katatu pa nkhani ya mankhwala a m'zipatala zing'onozing'ono, chifukwa amayi ambiri ankafuna kumvetsa chomwe amabwezedwera opanda mankhwala a malungo. Agogo a abambo, omwe maso anasiya kuona zaka zisanu zapitazo ndipo kuboma anapitako komaliza nthawi ya Kamuzu, anakhala pamphasa mpaka mapeto. Anazindikira mawu a gogo chalo asanatchulidwe dzina.

Za mlatho zinafika patatha maola awiri ndi mphindi 50. A khansala anaimiriradi. Anayankhula mphindi zinayi, m'Chichewa, anatchula mudzi wathu, anatchula ana asukulu, ndipo anakumbutsa kuti nkhaniyi anaidzutsanso mu Malichi. A wapampando anavomera kuti akukumbuka. Pabwalo panali bata. Alamu anga anayang'ana pansi, kenaka anadzuka n'kukakhala pa benchi yomwe panali abambo.

Kenaka anayankha bwana wa zomangamanga. Anati malo amene a khansala akunenawo anakonzedwa kale mu Meyi, anaikapo mapaipi a simenti, ndipo anachotsedwa pamndandanda wa zodikira ndalama. A khansala anati sizili choncho. Bwanayo anawerenga dzina lomwe lili pa pepala lake. A wapampando anati awiriwo akaonane ku ofesi, msonkhano n'kupitirira.

Aphunzitsi anabwezera pomwe bwanayo anawerenga dzinalo. Tinamvera kanayi. Dzina lomwe anawerenga ndi la khwawa la kumtunda, lomwe limathira mumtsinje wathu, komwe anaikadi mapaipi mu Meyi. Mtsinje wathu ndi khwawalo maina ake amasiyana ndi lembo limodzi. Mlembi wa VDC anathamangira kunyumba kukatenga kope lomwe anakoperamo kalata ya 2023. M'kope lake dzina linali lolondola. Penapake pakati pa mudzi wathu ndi kuboma, pokopera kuchoka papepala lina kupita pa lina, lembo limodzi linasintha, ndipo kwa miyezi inayi mapepala ankati mlatho wathu unakonzedwa. Sindikudziwa amene anakopera ndipo sindikumufuna. Munthu wa m'holo sakanagwira cholakwikacho, chifukwa ambiri mwa iwo sanawolokepo mtsinjewu. Anachigwira ndi anthu amene amachapa pamenepo.

Okutobala.

Chopereka cha nyumba yathu pa ulendo wa a wapampando a VDC, kukapereka kalata yokonza dzina, yodindidwa ndi a gulupu, pamodzi ndi zithunzi za malowo: K500.

Anabwerako ndi yankho loti mlathowo wabwezeretsedwa pamndandanda, uli pa nambala 7.

Tsamba la ndalama zomwe si zathu.

Tsamba ili ndinalilemba ndi pensulo chifukwa si ine woyenera kulidzaza. Ndinamufunsa mwana wa achemwali kuti khonsolo itafuna kumachita yokha zomwe iye anachita, ingafune chiyani. Anawerenga pa zala.

Foni kapena kachipangizo kojambulira mawu: maofesi ali nazo kale.
Chingwe cholumikiza ku chinkuzamawu kuti mawu azilowa osadutsa m'phokoso la m'holo: chogula kamodzi.
Batire la nthawi yomwe magetsi athima: logula kamodzi.
Munthu woyatsa ndi kuzimitsa: alipo kale, khonsolo ili ndi ofesala wofalitsa nkhani.
Memore imodzi ya ADC iliyonse, yopita ndi a khansala pobwerera kwawo: yosakwana mtengo wa nkhuku yathu ija.

Anandiuzanso za kulemera kwa zinthuzi pa foni, ndipo ndinalemba. Mawu okha, ojambulidwa mosamala, amadya pafupifupi 30 MB pa ola. Msonkhano wonse sufika 150 MB. Kanema wa nthawi yomweyo amadya kuwirikiza kambirimbiri. Makhonsolo ena akachita zinthu amaika zithunzi ndi kanema pa Facebook, ndipo a m'tauni amaona. Kwathu kuno netiweki imagwira pachulu cha kuseri kwa tchalitchi, mafoni ambiri ndi a mabatani, ndipo bandulo timagula ya tsiku limodzi ikakhalapo nkhani. Kanema wa maola anayi kwa ife n'chimodzimodzi ndi holo ija. Chotifikira ndi mawu: pa memore, pa WhatsApp ataduladula mutu ndi mutu kuti wofuna za mlatho atenge za mlatho, ndi pa wailesi. Memore ndi njira yomwe nyimbo ndi maulaliki zimayendera kale m'midzi. Anyamata a pa tala amaika nyimbo 200 pa K500. Mawailesi a m'madera aliponso, monga Dzimwe ku Mangochi, Mudzi Wathu ku Mchinji ndi ya ku Nkhotakota, ndipo wailesi yotere itapatsidwa mawu a msonkhano ikhoza kuwaulutsa madzulo anthu ataweruka kumunda.

Nyumba ya Malamulo ikamakumana ku Lilongwe timaimva pa MBC tili pamphasa, mpaka timadziwa phungu amene amakonda kudzudzulidwa ndi sipikala. Lilongwe ndi ulendo wa tsiku lathunthu. Kuboma kwathu ndi makilomita 39, ndipo ndi kumene amakamba za mjigo, msika, midadada ya sukulu ndi milatho. Ndondomeko yopereka mphamvu ku makhonsolo ndi lamulo la maboma aang'ono zonse ndi za 1998, ndipo mawu omwe tinaphunzitsidwa nthawiyo anali oti mphamvu ku anthu. Makhansala tinasankha mu 2000, nthawi yawo inatha mu 2005, ndipo tinakhala opanda khansala mpaka chisankho cha 2014. Zaka zisanu ndi zinayi zimenezo zinatizoloweretsa kuti za kuboma zimamveka kudzera mwa munthu amene anamva kwa munthu. Makhansala anabwerera, koma kamvedwe kathu sikanasinthe.

A khansala atabwera kudzaona malo a mlatho ndinawafunsa ngati anzawo angavomere kuti kujambulaku kukhale kwa nthawi zonse. Anati, "Mayi, ena akuopa. Chisankho chili pafupi. Munthu akhoza kudula mawu ako pakati, n'kutenga theka loipa, n'kumaliyendetsa m'mafoni." Mantha amenewa ndi oona ndipo sindiwapeputsa. Koma iwo omwe anakhala miyezi isanu akutchedwa abodza m'mudzi muno popanda wina kudula kalikonse, ndipo chinawayeretsa ndi mawu awo omwe, athunthu. Khonsolo ikamasunga msonkhano wonse, kuyambira pemphero lotsegulira mpaka lotsekera, wodula mawu amagwidwa tsiku lomwelo. Zilipo nkhani zoyenera kukambidwa chitseko chili chotseka, monga mlandu wa wantchito kapena matenda a munthu, ndipo pamenepo a wapampando anene poyera kuti tikutseka chifukwa chakuti, n'kuzimitsa. Zotsalazo ndi za ndalama za anthu.

Pali chinthu chimodzi chomwe memore sinakwanitse. Aneba athu a kumadzulo ali ndi mnyamata wosamva, wazaka 24, amene amawerenga bwino ndipo ndi amene amasenza odwala pamsana powoloka. Anakhala nafe pabwalo maola onse aja akuyang'ana nkhope zathu. Mwana wanga ankamulembera papepala mfundo zikuluzikulu. Kwa iye pafunika tsamba limodzi kapena awiri a m'Chichewa, olembedwa sabata yomweyo, onena mitu yomwe yakambidwa ndi zomwe zagwirizanidwa, omatidwa pasukulu ndi pachigayo. Patsamba lomwelo alembepo tsiku la msonkhano wotsatira, ndipo likasintha alengeze pa wailesi, kuti K17,300 ya Januwale ija isatulukenso m'nyumba ina.

Masiku, opanda mtengo.

Masiku omwe mwana wathu wa Sitandade 4 anajomba chifukwa madzi anali m'khosi, teremu yachiwiri: 13.
Masiku omwe wa Fomu 3 anagona tsidya lina kwa anzake chifukwa mtsinje unadzaza ali kusukulu: 5.
Maulendo omwe tinasinja pamtondo chifukwa kuchigayo sikunawolokeke: 8.
Tsiku la sikelo lomwe mwana wamng'ono anaphonya katemera, n'kukabayitsa mwezi wotsatira: 1.

Disembala.

Amfumu anafunsa ngati tifufute za Sepitembala kuti memore yomweyo ipitenso. Anthu anakana. Mlembi wa VDC anati mawu a bwana wa zomangamanga akhale, ndipo a nambala 7 akadzanenedwa pamsonkhano akhalenso, kuti chaka chamawa tidzathe kuziika pamodzi. Memore yoyamba ili m'botolo louma la mankhwala, m'bokosi la banki m'khonde lomwe lili ndi maloko atatu, ndipo pabotolopo ndinamata kapepala ka tsiku la msonkhano. Nyumba zosonkha zakwera kufika 41, chifukwa a tsidya lina amva ndipo akufuna za msika wawo. Mitengo ya memore ndi ya minibasi yakweranso, choncho gawo la nyumba iliyonse silinatsike.

Gawo la nyumba yathu pa kujambula kwachiwiri: K400.
Kuwonkhetsa chaka chonse, za mlatho: K59,100.
Mwa zimenezi, za maulendo, mayunitsi, nkhuku, chiwongoladzanja ndi maminitsi: K57,800.
Za kujambula kawiri ndi kalata yokonza dzina: K1,300.

Mvula yoyamba inagwa pa 9, mtsinje wayamba kuyenda. Owolotsa akweza, tsopano ndi K400 munthu wamkulu, K200 mwana wasukulu.

Ya owolotsa ana awiri, sabata yoyamba ya teremu ikubwerayi, ndaipatula m'kachitini: K4,000.